KODI MTENGO WA BITI UMACOKERA KUTI?

Lero tikamba za nyimbo za rap, makamaka za malonda amene amacitika nyimbo isanamveke pa wailesi.

Nyimbo ya rap ili ndi mbali ziwiri. Pali mau amene woimba amalakatula mofulumira, ndiponso pali kulira kwa ng'oma ndi zoimbira zina kumene kumatsagana ndi mauwo. Mbali yaciwiriyi oimba amaicha biti. Kugawana nchito kotere kunayamba kale: pamene rap inali kubadwa ku Bronx, mu mzinda wa New York, m'zaka za m'ma 1970, anthu monga DJ Kool Herc anali kuliza malekodi, ena n'kumalankhula motsatira kulirako. Masiku ano biti imapangidwa pa kompyuta, ndipo mnyamata kapena mtsikana wongoyamba kumene kuimba amaigula kwa katswiri wopanga mabiti, ku situdiyo kapena pa intaneti. Tsono biti ina ndi yotsika mtengo, ina ndi yodula kwambiri, ngakhale kuti m'makutu zonse zikoma cimodzimodzi. Cifukwa n'ciani?

Ganizani za ngolo ya ng'ombe. Munthu wofuna kututa cimanga angathe kubwereka ngolo kwa mnansi wake n'kulipira pang'ono, ndipo mawa ngolo yomweyo itutira wina. Angathenso kugula ngoloyo kuti wina aliyense asaigwiritsenso nchito, koma pamenepo ayenera kutulutsa ndalama zambiri. Malonda a biti ali cimodzimodzi. Cimene woimba amalipira kwenikweni ndi cilolezo ca zimene angacite ndi bitiyo.

Pa cilolezo cobwereka, mwini biti amaika malire. Amanena kuculuka kwa makope amene woimba angagulitse, nthawi zimene nyimbo ingamvedwe pa intaneti, ngati ingaulutsidwe pa wailesi kapena iai, ndipo nthawi zina ngakhale zaka zimene cilolezo cidzagwira nchito. Malire akamakula, mtengo nawo umakwera. Mwini biti amavomera ndalama zocepa cifukwa adziwa kuti biti yomweyo aibwereketsanso kwa oimba ena ambiri. Koma woimba akafuna kuti biti ikhale yake yekha, mwiniyo amaleka kuigulitsa, motero amachula mtengo wolowa m'malo mwa ndalama zonse zimene akanapeza kwa enawo. Kawirikawiri amene anabwereka kale amapitirizabe kuimba nyimbo zao mpaka cilolezo cao citatha, ndipo wogula wosafunsa za ici amadabwa pomva biti yake m'nyimbo ya mnzake.

Nkhani ya Lil Nas X wa ku America ionetsa bwino zimenezi. M'caka ca 2018, asanadziwike, anagula biti pa madola 30 okha pa BeatStars, msika wa mabiti wa pa intaneti. Anaipanga ndi mnyamata wa ku Netherlands wochedwa YoungKio. Nyimbo imene inaturukapo, "Old Town Road", inakhala patsogolo pa nyimbo zonse pa mndandanda wa Billboard Hot 100 kwa masabata 19 m'caka ca 2019. Mtengo wotsikawo sunatanthauze kuti bitiyo inali yoipa. Wogulitsa anali asanachuke, ndipo wogula naye anali asanachuke. Apa mwaona cinthu caciwiri cokweza mtengo, ndico dzina. Katswiri amene biti zake zamveka kale m'nyimbo zochuka amalipiritsa zambiri, popeza oimba amalimbirana nchito yake.

M'biti imeneyo munalinso kanthu kena. Munali kulira kwa banjo, coimbira cimene ena a inu mumadzipangira ndi citini ndi waya. Kulirako YoungKio anakutenga m'nyimbo ya gulu la Nine Inch Nails yochedwa "34 Ghosts IV", ya m'caka ca 2008. Kacidutswa kotengedwa m'nyimbo ya wina kali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ayenera kuvomereza ndi kulandira gawo lake. N'cifukwa cake maina a Trent Reznor ndi Atticus Ross a gululo analembedwa pakati pa opeka "Old Town Road". Makhoti salekerera pa nkhaniyi: m'caka ca 1991 khoti la ku New York linaweruza kuti Biz Markie ndi kampani yake analakwa potenga mbali ya nyimbo ya Gilbert O'Sullivan popanda cilolezo. Biti yokhala ndi kacidutswa kotere ingaoneke yotsika mtengo pogula, koma ngongole yake imabwera pambuyo.

Pali zinanso zazing'ono. Biti yoperekedwa monga MP3 ndiyo yotsikitsitsa. Ya WAV, imene imamveka bwino koposa, imakwererako. Yodula ndi imene ng'oma, gitala ndi coimbira ciliconse zimabwera pazokhapazokha, kuti wa ku situdiyo athe kukweza cina ndi kutsitsa cina. Biti yocita kuitanitsa, yopangidwira woimba mmodzi monga telala asokera munthu malaya, imaposa ya pamsika.

Ine ndiona kuti woimba watsopano acita bwino kuyamba ndi kubwereka, pakuti sadziwa ngati anthu adzaikonda nyimbo yake. Koma pangano lilembedwe, ngakhale wogulitsayo ndi bwenzi la m'komboni imodzi. Linene malire, linenenso gawo limene wopanga biti adzalandira nyimbo ikayamba kubweretsa ndalama, cifukwa kugula biti sikufafaniza dzina la amene anaipeka. Muno m'Zambia bungwe la ZAMCOPS ndilo limasonkhanitsira opeka nyimbo ndalama zotere, ndipo liyenera kudziwa kuti nyimbo ndi ya yani.

Aphunzitsi, phunziro likatha lembani samu iyi pa bolodi. Tiyerekeze kuti wopanga biti aibwereketsa kwa oimba 20, aliyense nalipira madola 30. Apeza ndalama zingati? Nanga wina akabwera ndi madola 400 kuti biti ikhale yake yekha, mwiniyo avomere kapena akane? Lolani ana akambirane, ndipo muwakumbutse kuti oimba 20 aja mwina sangabwere onse.