Chuku mu mtedza: phindu la wogula limayambira m'munda

Mvula ikamatha m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, misika ya ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi madera a Lilongwe imadzaza ndi masikelo. Mavenda amakhala akudikira mtedza woyamba, ndipo ambiri amangofunsa mtengo wa pa kilogalamu. Koma thumba limene lidzabweretse phindu kapena kulowetsa pansi mpamba limadziwika mtedza usanakumbidwe, chifukwa matenda ambiri amene amaononga mbewuyi amakula m'masabata omalizira.

Zimene masamba amaonetsa

Matenda awiri amene amaoneka kwambiri mtedza ukamayandikira kukhwima ndi mawanga a masamba ndi chiwawu. Mawanga amakhala oderako kapena akuda, pomwe chiwawu chimaoneka ngati dzimbiri kunsi kwa tsamba. Onsewa amakonda chinyezi ndipo amafalikira msanga m'munda umene mtedza umabzalidwa chaka ndi chaka popanda kasinthasintha. Mawanga akachuluka masamba amayoyoka, ndipo apa ndi pomwe alimi ena amasokonezeka. Amaganiza kuti mtedza wakhwima n'kuyamba kukumba, chonsecho njere sizinadzaze. Zotsatira zake ndi njere zonyala, zopepuka pa sikelo komanso zosavuta kugwidwa ndi chuku. Ena akachedwa kukumba, timichira togwira mtedza timafooka ndipo wambiri umatsalira m'nthaka.

Njira yodalirika yodziwira kukhwima ndi kuzula mapando angapo n'kuswa makoko. Mkati mwa makoko ambiri mukakhala madontho oderako kapena akuda, mtedzawo wakhwima. Mukakhala moyera, nthawi siinakwane, ngakhale masamba atayoyoka.

Chuku chosaoneka ndi maso

Vuto lalikulu kwa wamalonda ndi chuku chotchedwa Aspergillus flavus, chimene chimakhala m'nthaka ndipo chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Chimalowa mu mtedza makamaka kukachita ng'amba m'masabata omalizira nthaka n'kutentha, kapena pamene chiswe ndi khasu zaboola makoko. Mtedza ukanyowanso poyanika kapena posunga, chukucho chimaswana msanga. Njere ina imaoneka yabwinobwino koma ili ndi poizoni, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa.

Poizoniyu anadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Munthu akamamudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amakhala pa chiopsezo cha khansa ya chiwindi, ndipo ofufuza amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana.

N'chifukwa chake misika ya kunja imakhwimitsa malamulo. Maiko a European Union salola mtedza wodya mwachindunji kupitirira magawo 4 a poizoniyu pa magawo biliyoni imodzi. Makampani ogula mtedza wotumiza kunja kapena wopangira chiponde amayeza asanalipire, ndipo katundu akakanidwa amene amalira ndi venda amene anaunjika matumbawo.

Masamu a thumba limodzi

Mwachitsanzo, venda agule thumba la makilogalamu 50 pa mtengo wongoyerekeza wa K1,000 pa kilogalamu, kutanthauza K50,000. Ngati mtedzawo unali wosauma bwino, makilogalamu 3 akhoza kutha pouma. Posankha n'kuchotsa njere zowola, zonyala ndi zosweka, ena 5 n'kutuluka. Otsala ogulitsika ndi makilogalamu 42, ndiye kuti kilogalamu iliyonse yamudyera pafupifupi K1,190, asanawerengere mayendedwe, thumba, chiphaso cha msika ndi aganyu osankha. Amene amagulitsa poonjezera K150 yokha pa mtengo wogulira amakhala akutaya ndalama asakudziwa.

Chizolowezi chimodzi chimene chimakulitsa vutoli ndi kuwaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa, kapenanso kuti mtedza ulemere pa sikelo. Madzi amenewa ndi amene chuku chimafuna. Mtedza wotere umamveka wozizira m'manja, khungu lake silisupuka msanga, ndipo njere imapindika m'malo mothyoka.

Zoyenera kuona asanalipire

Wogula wochenjera safulumira kuika thumba pa sikelo. Amayamba wafunsa kuti mtedzawo unakumbidwa liti ndipo unayanikidwa bwanji. Woumitsidwa pa thandala, pa lona kapena pa mulu wa Mandela cock, umene mapando amasanjidwa mozungulira kuti mphepo izidutsa, umakhala wabwino kuposa woyanikidwa pa dothi. Wamakoko wouma bwino umalira ukagwedezedwa. Woswa kale umayenera kukhala ndi chinyezi cha pafupifupi 7 peresenti, ndipo amene amagula wambiri angachite bwino kubwereka kapena kusonkherana kachipangizo koyezera chinyezi.

Kutapa pamwamba pokha n'kudzinamiza, chifukwa wabwino amauika pamwamba. Ndi bwino kukhuthula thumba pa lona n'kutapa pakati ndi pansi. Fungo la chinyontho, ufa wobiriwira kapena wachikasu pa njere, ndi njere zakuda mkati zikaswedwa ndi zizindikiro zoti katunduyo asiyidwe, ngakhale mtengo utatsika chotani.

Akagula, matumba asakhudze pansi kapena khoma. Aziikidwa pa mitengo kapena pa mapaleti, m'chipinda chosadontha komanso chodutsa mphepo. Mtedza wosunga nthawi yaitali umakhala bwino uli m'makoko, n'kumaswa wokhawo umene wapeza msika.

Kumene zosankhidwa zimapita

Pali chiyeso chimene mavenda ambiri amachidziwa. Njere zochotsedwa posankha zimagulitsidwa motchipa kwa osinja nsinjiro, opanga chiponde ndi okazinga wa m'timapepala, chifukwa zikasinjidwa palibe amazizindikira. Komatu m'njere zimenezi ndi momwe poizoni amachuluka, ndipo nsinjirozo zimathera m'phala la ana. Kupatsa ziweto sikuthetsanso vuto, popeza poizoniyu amatha kutulukira mu mkaka wa ng'ombe. Njere zachuku n'zoyenera kukwirira kapena kutentha, ndipo kutaya kumeneku kuwerengeredwe pokambirana mtengo ndi mlimi.

Amalonda amene amagula kwa alimi omwewo chaka ndi chaka ali ndi mwayi woposa anzawo. Akhoza kuyendera minda mu Malichi ndi Epulo, kuona kuchuluka kwa mawanga ndi chiswe, n'kugwirizana za tsiku lokumba ndi kayanikidwe. Akhozanso kulimbikitsa alimi kufunsa alangizi za Aflasafe, mankhwala ochokera ku bungwe la IITA amene amawazidwa m'munda mbewu isanachite maluwa kuti achepetse chuku chapoizoni. Kulonjeza mtengo wokwererapo pa mtedza wouma ndi wosankha bwino kumapangitsa mlimi kusiya kuwaza madzi, ndipo wogula amapeza katundu amene angamugulitse ku kampani popanda mantha oti abwezedwa.