Kukonza Mbayani kuyambire pa umwini wa malo

Dera la Mbayani lili pafupi ndi pakati pa mzinda wa Blantyre, koma kuyandikira kwakeko sikuonekera pa misewu, ngalande kapena zimbudzi. Nyumba zambiri zinamangidwa mothinana popanda mapulani, moti m'malo ena ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto singalowe.

Chimodzi mwa zomwe zinakokera anthu kumadera otere ndi ntchito za m'mafakitale. Ku Makata, fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons inkalemba anthu zikwizikwi, ndipo apantchito ankafuna malo oti adziyenda wapansi popita kuntchito. Boma litamasula malonda m'zaka za m'ma 1990, nsalu zakunja ndi kaunjika zinadzaza msika, ntchito zinachepa, ndipo mu 2003 fakitaleyi inagulitsidwa kwa kampani ya Mapeto. Anthu sanabwerere kumudzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzindawu.

Choncho nkhani yokonzanso Mbayani siingathe pongogwetsa nyumba. Mfundo yaikulu yagona pa malo. Malo a mumzinda wa Blantyre ali m'manja mwa khonsolo, unduna woona za malo, bungwe la Malawi Housing Corporation komanso eni ena, pamene mafumu nawo akhala akugawa malo. Munthu wopanda chikalata cha umwini sangakongole ndalama kubanki, ndipo amaopa kumanga nyumba yolimba pamalo omwe angadzachotsedwepo. Nayo khonsolo imavutika kutolera msonkho wa malo omwe sanalembedwe m'kaundula, zomwe zimachepetsa ndalama zokonzera misewu ya m'dera lomwelo.

Lamulo la mapulani a malo la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, kutanthauza kuti maofesi okhudzidwa alibenso pothawira. Ntchito iyenera kuyamba ndi kuwerenga nyumba pamodzi ndi eni dera, kujambula mapu, kenaka kugwirizana za podutsa njira, ngalande ndi mapaipi a Blantyre Water Board. Osamutsidwa akhale okhawo omwe ali m'njirazo kapena m'malo angozi, monga momwe namondwe wa Freddy anaonetsera ku Chilobwe mu 2023.

Gulu lomwe limaiwalika kawirikawiri pamisonkhano ndi la anthu a lendi, omwe ndi ambiri m'derali. Dera likakonzedwa lendi imakwera, ndipo popanda kuwaganizira iwowa adzangosamukira kukamanga m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri.