Kulumikiza fani ya magetsi yoziziritsa injini

Galimoto zonyamula mabelo a fodya kuchokera kwa Mfumu Kapelula m'boma la Kasungu kupita kumsika wa Chinkhoma zimayenda pang'onopang'ono m'misewu yafumbi zitalemedwa, ndipo pa liwiro lotere mphepo yodutsa m'rediyeta, chipangizo cha timapaipi momwe madzi ochokera m'injini amaziziriramo, imakhala yochepa. Fani yokokedwa ndi lamba imazungulira motsatira liwiro la injini, choncho imafooka pamene ikufunika kwambiri, pomwe ya magetsi imakoka mphepo mwamphamvu ngakhale galimoto itaima pamzere.

Fani yotere imadya magetsi ambiri, nthawi zambiri ma amp 10 mpaka 20 pa batire ya ma volt 12, n'chifukwa chake siyenera kudutsira pa swichi ya kiyi koma pa rile, kabokosi kamene kamalola magetsi ochepa kutsegulira njira magetsi ambiri. Waya wonenepa wochokera ku batire umadutsa pa fyuzi, kachitsulo kamene kamasungunuka magetsi akapyola muyeso, n'kukafika pa phazi 30 la rile, ndipo phazi 87 limapereka moto ku fani. Phazi 86 limalandira moto wochokera ku kiyi, pamene 85 limapita ku swichi yomva kutentha, imene imalumikiza rile ku thupi la galimoto madzi akafika madigiri pafupifupi 90 mpaka 95, n'kuzimitsa fani akazizirako. Fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire, kuti waya ukakhudzana ndi chitsulo ipse ndi fyuziyo osati galimoto.

Mawaya awiri a fani akasinthanitsidwa, fani imazungulira chobwerera n'kumalimbana ndi mphepo yakutsogolo. Makaniko wosamala amaika pepala kutsogolo kwa rediyeta fani ikuzungulira, ndipo likamamatira, ndiye kuti mphepo ikulowera kumene iyenera.

Chodetsa nkhawa ndi chizolowezi chochotsa thermostat, chivundikiro chimene chimaletsa madzi kupita ku rediyeta injini isanafunde, n'kulumikiza fani dayirekiti kuti izingozungulira. Injini yosafika pa kutentha kwake koyenera imamwa mafuta ambiri ndi kuperepeseka msanga, ndipo mota wa fani umapsa nthawi isanakwane; ukafa mwakachetechete m'chilimwe cha Okutobala, chotsatira ndi kupsa kwa gasiketi. Mwini galimoto asalole kuti pamalo a fyuzi papiringidwe kawaya, ndipo aumirire kuti rile ndi swichi yomva kutentha ziikidwe fodya asanayambe kupita kumsika.