THIRANSIFOMA YA MAGETSI: NDANI AYENERA KUIGWIRA?

Magetsi afika tsopano m'malo ambiri amene makolo athu ankaunikira koloboyi. Pa misika, pa zigayo, pa sukulu ndi pa zipatala zazing'ono timaona chibokosi chachitsulo chopachikidwa pa mitengo, chikulira chapansipansi usana ndi usiku. Chimenechi ndicho thiransifoma. Poyendera zaukhondo ndapeza amayi akugulitsa tomato pansi pake, ana akukwera mpanda wake, ndiponso eni zigayo akupangana zokabwezera okha fyuzi magetsi akazima. Nchifukwa chake mwezi uno tikambirana za chipangizochi.

NTCHITO YAKE

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire: pa Nkula, pamene anayamba mu 1966, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Nthambo zowagawira m'midzi ndi m'matauni zimanyamula ma volts 11,000 kapena 33,000. Thiransifoma imatsitsa mphamvuyi kufika pa ma volts 230 a m'nyumba ndi 400 a zigayo ndi makina ena. Motero nthambo zolowa mu thiransifoma zili ndi mphamvu yoposa ya m'nyumba pafupifupi ka 50, mwinanso kupitirira ka 100.

Magetsi otere sadikira kuti muwakhudze. Amalumpha mumpweya kufikira munthu woyandikira. Popeza thupi lathu lili ndi madzi ndi mchere, nyesi imayendamo mosavuta. Imasokoneza kagundidwe ka mtima, imaumitsa minofu yopumira, ndipo imawotcha mnofu wa m'kati ngakhale bala la pakhungu lioneke laling'ono.

FYUZI IKADUKA

Pamwamba pa thiransifoma pamakhala mafyuzi amene amaduka ndi kulendewera zinthu zikalakwika. Fyuzi siduka chabe. Mwina mtengo wagwera nthambo, mwina makina olumikizidwa achuluka, mwina thiransifomayo yawonongeka m'kati. Woibwezera asanapeze chifukwa akubwezera magetsi pamene pali vuto, ndipo pangabuke moto wowotcha nkhope ndi maso. Nsungwi kapena mtengo, ngakhale wooneka wouma, sungamuteteze ku mphamvu yotere. Ntchitoyi ndi ya antchito a ESCOM ndi amisiri ophunzitsidwa amene ali ndi chilolezo.

KWA AMISIRI OVOMEREZEKA

Inu amene mumagwira ntchitoyi, kaya pa nthambo za m'misewu, m'mafakitale kapena m'maesiteti, musalumphe sitepe ndi imodzi yomwe:

1. Landirani chilolezo cholembedwa, ndipo tsimikizani kuti mwaima pa thiransifoma yoyenera.

2. Valani magolovesi a labala oyesedwa, chisoti, chotchinga kumaso ndi nsapato zantchito. Vulani wotchi ndi mphete. Ndodo yotsegulira mafyuzi ikhale youma, yoyera ndi yopanda ming'alu.

3. Yambani kuzimitsa maswichi a mbali yopita kwa anthu, kenaka tsegulani mafyuzi a mbali ya mphamvu yaikulu. Kuwatsegula makina akukoka magetsi kumabutsa lawi.

4. Tsekani swichi ndi loko, ikani chikwangwani, ndipo kiyi musunge nokha.

5. Yesani nthambo iliyonse ndi chipangizo choyesera, mutatsimikiza kuti chipangizocho chikugwira ntchito.

6. Lumikizani nthambo ndi nthaka mbali zonse ziwiri. Jenereta kapena magetsi a dzuwa olumikizidwa molakwika pa nyumba ina angabweze magetsi, ndipo thiransifoma idzawakweza mphamvu.

7. Chosinthira ma volts cha pa thiransifoma za mtundu uwu chitembenuzidwe pokhapokha magetsi atazimitsidwa mbali zonse.

Musagwire ntchitoyi muli nokha, mutamwa mowa, kapena kukuchita ziphaliwali.

KWA IFE TONSE

Tisamange nyumba kapena okala, kuyanika zovala, kumangirira mbuzi kapena kutentha zinyalala pafupi ndi thiransifoma. Ikamatuluka utsi, ikamathetheka, ikamadontha mafuta, kapena chitseko cha bokosi la maswichi chikakhala chotsegula, chotsani ana ndipo dziwitsani a ESCOM. Ikayaka musathirepo madzi.

Nthambo yogwa pansi muiyese yamoyo nthawi zonse. Imani patali mamita osachepera 10, pakuti nthaka yoizungulira imakhalanso ndi magetsi. Ikagwa pafupi nanu, chokanipo mokhwekhwereza mapazi ali pamodzi, osatambasula miyendo.

Mafuta a mu thiransifoma ndi oiziziritsa ndi kutchinga magetsi. Akabedwa imapsa, ndipo mudzi, chigayo ndi chipatala zimakhala mumdima. Mafutawa si chakudya kapena mankhwala. Ena akale ali ndi poizoni wotchedwa PCB amene amawononga chiwindi ndi khungu ndi kuyambitsa khansa. Tisakazingire chipisi, ndipo tisadzole pa zilonda.

CHITHANDIZO CHOYAMBA

Munthu akagwidwa ndi nyesi ya pa thiransifoma kapena nthambo zazikulu, musamuthamangire, ngakhale akhale mwana wanu, chifukwa maliro angakhale awiri. Itanani a magetsi ndi achipatala, ndipo mumuyandikire a magetsi atatsimikiza kuti azimitsa. Ngati ndi magetsi a m'nyumba, zimitsani swichi yaikulu musanamukhudze.

Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 30, mupumireni m'kamwa kawiri, ndi kubwereza osaleka. Liwiro lake likhale ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Ngati akupuma koma wakomoka, mugonekeni chammbali, mosamala khosi ngati wagwa kuchokera pamwamba. Pa mabala thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20 ndi kuphimba ndi nsalu yoyera. Musapake mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano.

Aliyense wogwidwa ndi nyesi yotere apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuyenda yekha, popeza vuto la mtima ndi impso lingaoneke pambuyo pake.

Mafumu, aphunzitsi ndi makomiti a zaumoyo, fotokozerani anthu anu zimenezi pa misonkhano. Kudikira amisiri tsiku limodzi mumdima kuli bwino kusiyana ndi kunyamula maliro. Kupewa kumaposa kuchiza.