UDZU WA KUTHENGO ULIMIDWA NGATI MBEU

KADOMA.—Caka ndi caka, pofika miyezi ya September ndi October, ng'ombe za m'maboma a Kadoma ndi Chegutu zioneka nthiti. Mvula ileka m'March kapena m'April, udzu wa kuthengo uuma ndi kutha mphamvu, ndipo wotsalawo upsa ndi moto. Pogwa mvula yoyamba mlimi apeza kuti ng'ombe zace zalefuka, sizikhoza kukoka pulawo, motero acedwa kubzala. Pa cilala ca 1991 ndi 1992 dziko la Zimbabwe linataya ng'ombe zoposa 1,000,000, ndipo m'April 2024 Boma linalengezanso kuti cilala cagwetsa dziko lonse m'tsoka. Cifukwa ca ici kuli kofunika kuti eni ziweto adziwe kuti udzu, ungakhale uli wa kuthengo, ukhoza kufesedwa ndi kusamalidwa monga mbeu zina za m'munda.

Mizinda iwiriyi iri pa njanji yocokera ku Harare kunka ku Bulawayo, ndipo kufikira caka ca 1982 maina ace anali Gatooma ndi Hartley. Anthu ambiri a ku Nyasaland anadza kuno kudzagwira nchito m'migodi ya golidi, monga wa Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi wa Dalny ku Chakari, ena m'mafamu, enanso m'nyumba zoombera nsaru za David Whitehead. Adzukulu ao alipobe, ndipo ena a iwo aweta ng'ombe, mbuzi ndi akalulu pa malo ocepa. Makolo ao anadziwa bwino tsekera wofolera nyumba, nsenjere ya m'mbali mwa mtsinje ndi kapinga wa pabwalo. Koma kufesa mbeu ya udzu sunali mwambo wao, pakuti dziko linali lalikuru ndi msipu unali wa ali yense. Lero malo acepa.

UDZU WOKONDA CISANU

Pali mtundu wina wa udzu umene akatswiri a zomera anaupatsa dzina lakuti Bromus, kapena brome, pakuti ngala zace zifanana ndi za mbeu ya oats, imene Agriki akale anaichula ndi dzina lomweli. Wina wa mtunduwu, Bromus leptoclados, ndi wa mu Africa momwe muno. Umera wokha pa mthunzi m'mphepete mwa nkhalango za pa mapiri ozizira, kuyambira ku Ethiopia kufikira ku South Africa, ndi ku mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe komwe. Umenewu sukonda dziko lofunda ngati la Kadoma.

Wolimidwa kweni-kweni ndiwo Bromus catharticus, umene kwao ndi ku South America. Martin Vahl, katswiri wa ku Copenhagen, ndiye analemba maonekedwe ace m'caka ca 1791. Ku America auchula rescue grass, ndiko kuti udzu wopulumutsa, cifukwa upatsa ziweto msipu wauwisi pa nyengo imene udzu wina wauma. Ku New Zealand anausankha ndi kuuongola kufikira anaturutsa mbeu ya Matua m'caka ca 1973, ndipo alimi a ng'ombe za mkaka kumeneko anaikonda.

Ubwino wace ndi wakuti ukula m'miyezi ya cisanu, May kufikira August, pamene maudzu a dziko lino aleka kukula. Koma miyezi imeneyi kuno sikugwa mvula. Cotero udzuwu ngwa munthu yekhayo amene ali ndi madzi othirira, monga okhala pafupi ndi mtsinje wa Mupfure ku Chegutu, kapena wa Muzvezve ndi Claw Dam ku Kadoma, kapenanso amene ali ndi dimba la citsime cosaphwa. Woufesa pa mtunda wouma angotaya mbeu yace.

KABZALIDWE NDI KASAMALIDWE

Nthawi yofesa ndi April kapena May, kukayamba kuzizira. Nthaka ikhale yaconde ndi yosasunga madzi, cifukwa mizu yace ibvunda m'matope. Mlimi athire ndowe yowolerana, agaule ndi kuphwanya zibuma, ndipo afese m'mizere. Mbeu zace ndi zazikuru kuposa za maudzu ambiri, komabe zisakwiriridwe koposa masentimita 2. Kuthirira kukhale kwa kawiri-kawiri kufikira zitamera, ndipo apalire msanga udzu wina usanapambane ndi wofesedwawo.

Ziweto zisalowemo mizu isanagwire. Njira yoyesera ndiyo kukoka tsinde ndi zala ziwiri: likazuka, nthawi siinakwane, masamba akaduka tsinde nkutsala, wakhwima. Pomweta kapena podyetsa atsalepo mapesi otalika ngati zala zinai zopingasa, pakuti m'munsimo ndimo musungika mphamvu yophukira. Pambuyo pace munda upumule masabata anai kapena asanu ndi limodzi. Apa ndipo alakwa ambiri: udzu wa brome ukadyedwa tsiku ndi tsiku wosapumula ufa msanga. Wa malo ocepa acita bwino kumweta ndi zenga nakapereka m'khola, ndi kubwezera ndowe ya m'kholamo kumunda.

Udzuwu sukhala zaka zambiri, ndipo kutentha kwa October kuufoketsa. Cifukwa cace mlimi asiye cigawo cimodzi cibale ngala, kuti akolole mbeu ya caka ca mawa. Ngala zina zidwala nthenda yozisandutsa pfumbi lakuda ngati mwaye. Nthendayi iyenda ndi mbeu. Zotero azidule ndi kuzitentha, ndipo mbeu yogula ikhale yothiridwa mankhwala.

Pali cenjezo linanso. Ku Chegutu ndi ku Kadoma kuli minda ya tirigu wothirira, wofesedwa m'May, nthawi yomweyo imene brome akonda. Mbeu yace ikagwera m'tirigu imera pamodzi naye ndi kum'landa cakudya, ndipo kuicotsa nkobvuta popeza zonse ziwiri ndi za mtundu wa udzu. Alimi a tirigu ku Western Cape, ku South Africa, asauka ndi mbale wace, Bromus diandrus. Wolima brome asayandikize munda wace ku tirigu wa mnzace.

KWA AMENE ALIBE MADZI

Alimi ambiri a maboma awiriwa adalira mvula yokha. Kwa iwo udzu woyenera ndi Rhodes grass, umene uli wa mu Africa ndipo ukonda kutentha. Mbeu yace yodziwika kwambiri kuno ndi ya Katambora, imene inatengedwa kuthengo pa malo a dzina lomwelo m'mbali mwa Zambezi, kumtunda kwa Victoria Falls. Alimi a fodya anaizolowera kale: anali kuifesa m'munda zaka zitatu kapena zinai kuti acepetse tinyongolotsi totupitsa mizu ya fodya, ng'ombe zao zikudya pomwepo.

Katambora afesedwa mvula itakhazikika, m'December kapena m'January. Mbeu yace ndi yaing'ono ndi yopepuka kotero kuti aisakaniza ndi mcenga, naimwaza pamwamba pa nthaka yosalala, naipondereza wosaikwirira. Itamera iyanga ngati kapinga ndi kutseka mipata yokha. Nthawi yomweta ndi pamene ngala ziyamba kuturuka, pakuti ukakalamba usanduka mapesi opanda mphamvu. Womwetedwawo auyanike masiku awiri kapena atatu, autembenuze, ndipo auunjike pa cisanja cofolera bwino, kutali ndi ciswe ndi cinyezi. Mulu umenewo ndiwo nkhokwe ya ng'ombe ya m'October.

MDANI WAMKURU

Nchito yonseyi ikhoza kutha pa ora limodzi ndi moto wa osaka mbewa kapena wa oyeretsa minda. Lamulo lifuna kuti mwini malo alambule mpata wocinga moto, wa mamita 9 m'mimba mwace, m'malire a malo ace, ndipo kutentha thengo nkoletsedwa m'miyezi youma kufikira dzinja litayandikira. Mipatayi ilambulidwe m'May kapena m'June, mphepo isanalimbe, ndipo pozinga mulu wa udzu pakhale poyera.

Tsono amene ali ndi madzi akonzekere April, ndi amene alibe akonzekere December. Onse awiri ayambe ndi kadimba kakang'ono kamene akhoza kukasamala bwino, ndipo afunse alangizi a za ulimi a m'dera lao za kumene angapeze mbeu yabwino nthawi yofesa isanafike.