Masankho a ku Ireland ndi Zimene Atiphunzitsa

Ambiri a inu mudziwa dzina la Ireland, pakuti ku chilumba chimenecho kunachokera ansembe ndi masisitere amene anagwira ntchito pakati pathu m'masukulu ndi m'zipatala. Mwezi uno tifuna kukusimbirani mlandu waukulu umene unagawa anthu a dzikolo, ndiwo mlandu wa kuchotsa mimba.

Pa chaka cha 1983 anthu a ku Ireland anaponya voti, nalemba m'malamulo aakulu a dziko lao kuti moyo wa mwana wosabadwa ulingana ndi moyo wa amake. Mwa anthu atatu ali onse, awiri anavomera, ndipo lamulolo linakhala zaka 35. Koma m'zaka zonsezo akazi ambiri anali kuoloka nyanja mwakachetechete kukachotsa mimba ku England. Pa chaka cha 2016 chokha anapitirira 3,000.

Pa mwezi wa Okutobala 2012 mai wina wochokera ku India, dzina lache Savita Halappanavar, anamwalira m'chipatala cha ku Galway. Mimba yache ya masabata 17 inali kupita padera, ndipo anapempha kuti aichotse. Koma anamkaniza, pakuti mtima wa mwana unali kugundabe. Matenda analowa m'mwazi mwache, natsirizika. Imfa imeneyi inawawa mitima ya anthu, ndipo zikwi zambiri anayenda m'miseu ya Dublin ndi makandulo m'manja.

Pa chaka cha 2016 boma linasonkhanitsa anthu wamba 99, pamodzi ndi woweruza milandu Mary Laffoy, kuti amve madotolo, odziwa malamulo, ndi a mbali zonse ziwiri. Atatha kumva, ananena pa chaka cha 2017 kuti lamulo lisinthike. Pamenepo boma linaika tsiku lakuti anthu onse aweruze okha.

Taonani tsono machitidwe a iwo akufuna kufafaniza lamulolo. Mabungwe ao analeka kuyenda payekhapayekha, nagwirizana pa dzina limodzi la Together for Yes. Ndalama zosindikizira zikwangwani anazisonkha pang'onopang'ono kwa anthu wamba, ndipo m'masiku owerengeka zinapitirira ma euro 500,000. Madzulo ali onse, ataweruka ku ntchito, anali kugogoda pa zitseko, khomo ndi khomo, m'mizinda ndi m'midzi. Akazi amene anabisa zowaonekera zaka zambiri anayamba kuziulula kwa abale ao. Adzukulu analankhula ndi agogo ao pa nthawi ya kudya. Achinyamata analembetsa maina m'buku la oponya voti, ndipo ena okhala kunja anabwerera kwao chifukwa cha tsiku limodzi lokhalo.

A mbali ina, ndiwo a Love Both ndi a Save the 8th, anagwiranso ntchito molimbika, ndipo Aepiskopi analemba makalata ochenjeza Akristu. Koma mau a Eklezia sanamvekenso monga kale. Anthu anali kukumbukira zoipa zimene ana anachitiridwa m'nyumba zina zoyang'aniridwa ndi a mpingo, zimene zinaululidwa poyera pa chaka cha 2009. Anali kukumbukiranso nyumba zimene anatsekeramo atsikana otenga mimba asanakwatiwe.

Pa 25 Meyi 2018 anaponya voti. Mwa anthu 100 ali onse, 66 anati lamulo lichoke. Ndipo mwa zigawo 40 za dzikolo, cha Donegal chokha ndicho chinakana. Kuyambira Januwale 2019 lamulo latsopano linalola kuchotsa mimba kufikira masabata 12.

Chiphunzitso cha Eklezia sichisinthika ndi mavoti: moyo wa munthu uchokera kwa Mulungu kuyambira m'mimba, ndipo palibe wokhala nayo mphamvu yakuuchotsa. Koma tisati za ku Ireland nzakutali; chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kwathu Akristu anayenda m'miseu pa mwezi wa Disembala 2016 kukana lamulo lonena za kuchotsa mimba, ndipo pa mwezi wa Malichi 2021 aphungu a Nyumba ya Malamulo anakana kulikambirana. Nkhaniyo idzabweranso, ndipo idzaweruzidwa m'mitima ya anthu isanafike m'nyumba ya aphungu.

Chifukwa chache tikupemphani zinthu izi. Mtsikana akalakwa natenga mimba, musampirikitse pakhomo, pakuti manyazi ndi mantha ndizo zimfikitsa kwa opatsa mankhwala mumdima, kumene ambiri atayako moyo. Mnyamata wopereka mimbayo asabisale kumbuyo kwa makolo ache. Asenze katundu wache. Mai wodwala akayamba kutaya mwazi, mumtengere ku chipatala msanga, osayamba ndi kumfunsa mafunso. Ndipo ofuna mipando akafika m'mudzi mwanu, muwafunse za moyo wa mwana, muwafunsenso za azamba, mankhwala ndi galimoto yonyamula odwala.

Mnansi wanu akaganiza mosiyana nanu, musamtukwane. Khalani naye pansi, mumve zimene zinamuonekera, ndipo mumyankhe mofatsa. Amai Maria, amene anasenza mimba mu umphawi, apempherere amai onse a m'midzi yathu pamodzi ndi ana ao.