Muli "in" kapena "on"? Chingerezi cha paulendo

Tiyerekeze kuti mwanyamuka ku Lilongwe kulowera ku Mchinji pa msewu wa M12, ndipo mnzanu wakuimbirani foni kufunsa m'Chingerezi pomwe muli. Ambirife timayankha kuti "I am in the bus" chifukwa m'Chichewa timati tili m'basi. Mnzanuyo amva ndithu, koma pa mayeso a MSCE kapena pofunsira ntchito, chimene amayembekezera ndi "I am on the bus."

Chichewa chimayang'ana pomwe thupi lili, kaya m'kati kapena pamwamba. N'chifukwa chake timati m'galimoto, m'basi, m'sitima, koma panjinga. Pa zina Chingerezi chimagwirizana nafe. Mukakwera kabaza pa boma la Mchinji muli "on a bicycle", ikakhala njinga yamoto muli "on a motorbike". Mukalowa m'takisi yopita kumalire a Mwami muli "in a taxi".

Kusiyana kumabwera pa zoyendera zikuluzikulu zonyamula anthu ambiri. Njira yosavuta yokumbukira ndi iyi: ngati mungathe kuimirira n'kuyenda m'kati mwake, nenani "on", monga "on the bus", "on the train" ndi "on the plane". Ngati mumawerama polowa n'kungofikira pampando, nenani "in", monga "in the car". Minibasi ili pakatikati, ndipo mawu onse awiri amamveka. Pa lole, wokhala kutsogolo ndi dalaivala ali "in the lorry", pomwe a matola ali "on the back of the lorry". Samalani ndi "on the car", chifukwa womva aganiza kuti mwakhala padenga.

Kukwera ndi kutsika kumatsatira lamulo lomweli. Basi ndi njinga timati "get on" ndi "get off". Galimoto yaing'ono timati "get into" ndi "get out of".

Mukafika pamalire powolokera ku Chipata, wogwira ntchito akakufunsani kuti mwayenda pa chiyani, yankho lake ndi "by bus" kapena "by car", popanda "a" kapena "the". Ngati mwabwera wapansi, nenani "on foot".

Paulendo wobwerera kusukulu, yesani kutchula m'Chingerezi chilichonse chimene mwakwera kuchokera pakhomo mpaka pageti. Mukatero kangapo, lilime lizolowera lokha.